Vesi Yanga Inathera M'dzenje la Manda

Mukamamva nyimbo ya Amidu m'minibasi, ija yonena za chitsiru cha pa njinga, musamaseke kwambiri. Chitsirucho ndine.

Ine ndi Amidu tinayamba kulemba rapu tili Fomu 1, kumapeto kwa makope a masamu. Tinkadzudzula zonse: kusowa kwa mankhwala m'zipatala, atsikana kukwatiwa ali ana, mabwana akuba. Ine sukulu inandikanika Fomu 2 (musandifunse). Iye anapitiriza, n'kupita ku Blantyre, n'kutchuka. Ine ndinatsala ndi kabaza pa Songani.

Chaka chatha anandiimbira foni. "Aise, ndikubwera kudzajambula vidiyo kwathu konko. Vesi yachiwiri ndi yako. Koma masana omwewo ndibwerera."

Mawu amenewo ndinali nditawadikira zaka zambiri.

Ndinabwereka magalasi akuda bii ndi chipewa, n'kumanga sipika pakaliyala. Tinapangana kuti nditsike chitunda cha ku Domasi Mission ndikuimba, Amidu ndi wojambula akunditsatira pa njinga yamoto. Ndinatsika, abale. Mawu ankatuluka okha. Nditamva tayala likuponda masamba, ndinangoti wina wagwetsa chakudya cha mbuzi.

Zinali nthambi za maliro. Kuno ngakhale khanda limadziwa: ukaona nthambi pamsewu umatsika njinga, kuvula chipewa, kutseka pakamwa. Ine ndinalowa pakati pa anamfedwa, sipika ikugunda, ndikukuwa mzere wanga wakuti achinyamata tataya ulemu.

Bambo wina anagwira mahandulo. "Mwana wa a Saidi, maso mwasiya kunyumba?"

"Pepani bambo, ndi vidiyo."

"Vidiyo? Adzukulu, mpatseni khasu uyu. Akajambule kumanda."

Pocheuka ndinaona Amidu atatsika kalekale, chipewa chili m'manja, atakhala pansi ndi azibambo ngati mphwake wa malemu.

Ndinakumba. Dothi lake la miyala yokhayokha (magalasi ndinabisa m'thumba, eni ake ndi ovuta). Dzuwa lili pamutu, Amidu anaima m'mphepete mwa dzenje.

"Aise, nthawi yandithera. Tidzapanga ina."

Ndinapitiriza kukumba.

Ina ija sinabwere. Inabwera nyimbo ya chitsiru cha pa njinga, ndipo akuti yaphunzitsa achinyamata ulemu. Chabwino, aphunzire.

Vesi yanga ndikuikumbukirabe yonse. Ndimaiimba chapansipansi ndikamatsika chitunda chija wopanda kasitomala. Ndikaona tsamba pamsewu, ngakhale limodzi la mango, ndimatsika njinga. Foni ikalira ndimathamangirabe kuona dzina.