Ndinadya dothi kwa apongozi

Pali zinthu zimene mtsikana wolongosoka sachita tsiku loyamba kukaonekera kwa makolo a mnyamata wake. Zonse zimene amayi anandichenjeza ndinazipewa bwinobwino. Ndinakachita china chimene iwo sanachiganizire n'komwe, poti palibe kholo limene limaganiza kuti mwana wake wa ku yunivesite angachite zoterozo.

Nthawiyo ndinali m'chaka chomaliza cha uinjiniya, mbali ya nthaka ndi maziko. Ntchito yathu ndi kuyeza dothi, kudziwa katundu amene lingasenze, kenako n'kulemba pulani ya maziko oti nyumba kapena mlatho usadzatitimire. Maphunzirowa amamuwononga munthu. Anzako akamasirira nyumba za ku Kabulonga ali m'minibasi, iwe umangoona ming'alu. (Mpaka lero sindidutsa pa ngalande yokumba kumene osasuzumiramo.)

Mphunzitsi wathu wina ankati makina a mu labu ndi abwino, koma sungawaike m'thumba. Mano ndiye umayenda nawo kulikonse. Anatiphunzitsa kutsina kadothi n'kukaluma ndi mano akutsogolo. Kakamakukutika ngati shuga wosasungunuka, muli mchenga. Kakamata n'kumaterera ngati sopo, ndi dongo, ndipo dongo ndilo limavuta: limatupa mvula ikagwa, limakhwinyata chilimwe, khoma lili pamwamba pakelo n'kuyamba kung'aluka. Kalasi yonse tinazolowera kulawa. Timalavula, sitimeza ayi. (Mfundo imeneyi ndaibwereza kwa anthu ambiri, palibe amaisamala.)

Mnyamata wanga anali Chanda, ankagwira ntchito ya makompyuta ku Longacres. Kwawo ndi ku Woodlands, a Sabata olimba, bambo ake mkulu wa mpingo. Ife ndife a ku Chipata amene tinakhazikika ku Kabwata ine ndisanabadwe. Atandiitana kukadya nawo Loweruka akaweruka ku tchalitchi, amayi anandipatsa chitenje chawo chatsopano ndi malamulo: ugwade popereka moni, usadye ngati wachokera ku ndende, usatsutsane ndi akuluakulu ngakhale alakwitse masamu.

Ndinagwada. Ndinadya pang'ono ngati mbalame. Bambo ake a Chanda atanena kuti simenti ya masiku ano ndi yabodza, ndinangomwetulira, lilime likundiyabwa. Titamaliza ndinatolera mbale kupita nazo pa sinki ya kuseri, amayi ake akundiuza kuti ndingoziika, pa Sabata satsuka.

Kuseriko ndi kumene ndinauona mng'alu. Unayambira m'munsi mwa mpanda wa mabuloko, pafupi ndi mpopi wodontha, n'kukwera ngati masitepe, kumwamba uli wotakasuka moti dzanja likhoza kulowa. Ndendende zimene ndinkalemba mu pulojekiti yanga. Mtima unagunda kuposa mmene unagundira pogwadira apongozi. M'manja ndinali ndi supuni. Ndinayang'ana uku ndi uku (ndiye kuti sindinayang'anitsitse), n'kunjuta ndi chitenje cha amayi, kupala dothi lapamwamba, kutapa la pansi pake, n'kuika m'kamwa.

Sindinatsimikize bwino, ndiye ndinasunthira patsogolo n'kutapanso. Ndinatsinzina kuti ndimvetsetse. Dongo lenileni, losalala. Ndikukhulupirira ndinang'ung'udza ndi chisangalalo. Lina ndinakulunga m'kajumbo koti ndikayeze ku labu, n'kukabisa m'chitenje. Potembenuka, amayi ake a Chanda ali chilili pakhomo la khitchini, tambula ya juwisi ili m'manja.

Apa ndiyenera kuvomera. Kuyambira ndili mwana ndimadziwa kuti mkazi akayamba kulakalaka dothi anthu amati ndi woyembekezera. Ku msika wa Soweto amagulitsa timibulu take pafupi ndi tomato. Koma zaka za ku yunivesite zinali zitafufuta zimenezi m'mutu mwanga. Ine ndinkangoopa kuti andiona ndikukumba pa Sabata.

Mayiwo sanakalipe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, choka pa zuba. Bwela unkale pa mupando."

Anandilowetsa m'khitchini, kutseka chitseko, kundiikira pilo kumsana. Juwisi uja anamubweza m'firiji n'kundisendera lalanje. Anafunsa ngati ndimamva chizungulire m'mawa. Ndinati kwambiri, poti pulojekiti sinkandigonetsa. Anafunsa za nseru, ndinati fungo la dizilo m'minibasi limandisokoneza. Kenako anatsitsa mawu.

"Vinayamba liti ivi?"

"Temu ino, ba Mami. Poyamba zinkandinyansa, koma pano ndazolowera."

"Chanda aziba?"

"Akudziwa. Ndi amene amandinyamulira majumbo."

Anagwira pamtima. Atafunsa za amayi anga, ndinawapempha kuti asawauze, chifukwa amayi amadana ndi dothi m'nyumba ndipo ndimachita kubisa pansi pa bedi. Potsanzikana anandikumbatira mwamphamvu, maso ali ndi misozi. M'galimoto ndinamuuza Chanda monyada kuti amayi ake andikonda kuposa iyeyo.

Lolemba Chanda anaimba foni ali wosokonezeka. Bambo ake anali atamulanda makiyi a galimoto, kumupempherera atamugwira pamutu, n'kumuuza kuti iye mwini akudziwa chimene wachita. Anali atanenanso kuti atula pansi udindo wa ku mpingo, poti munthu wolephera kulera wake sangaweruze ana a ena. Chanda anaulula machimo onse amene ankawakumbukira, mpaka za soseji ya nkhumba imene anadya ku ofesi, koma bambo ake ankangopukusa mutu kuti si zimenezo. Ine ndinamulangiza kuti aganize bwino, mwina pali china chimene wandibisira. (Ndinamukwiyira ndithu tsiku lonse.)

Lachitatu masana, pochokera ku kalasi, ndinapeza galimoto ya ku Woodlands itaima pa mafulati athu, bambo ake a Chanda ali mkatimo atatseka magalasi. Makatani a maneba onse anali kugwedezeka. M'nyumba munali amayi ake a Chanda, Chanda ali pakona ngati mbuzi yogulitsa, amayi anga maso ali psuu, ndi azakhali anga a ku Chelstone, amene amaitanidwa pokhapokha zinthu zikafika poipa. Patebulo panali majumbo anga onse a pansi pa bedi, lililonse ndi dzina lake: Libala, Chelstone, Kabwata, Woodlands.

Azakhali analoza majumbowo. "Ena amagula kamodzi ka ku Soweto n'kukhutira. Iwe mpaka kusankha makomboni?"

Anapitiriza kuti a kuchimuna abwera mwaulemu kudzapepesa, ukwati ufulumizidwe mimba isanaoneke, ndipo sukulu iyambe yaima. Mawu oti mimba atatuluka, ine ndi Chanda tinayang'anana. Ndinakumbukira pilo, lalanje, ndi mayankho anga onse, limodzi ndi limodzi. Ndiye ndinachita cholakwa chachiwiri: ndinaseka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, amayi akulira, azakhali akunena kuti taonani, ngakhale manyazi anamuthera.

Nditapeza mpweya ndinafotokoza za mchenga ndi dongo, za mano, za mphunzitsi wathu, za mng'alu wa pa mpanda wa ku Woodlands. Azakhali anati pa zaka zawo amva zambiri, ena amati ndi malungo, ena amati ndi mphepo ya m'mimba, koma ya homuweki anali asanaimvepo. Ndinatulutsa mabuku, anati mabuku satenga mimba. Apa ndinaona kuti sukulu yanga ikupita ndithu, miyezi yochepa ndisanamalize.

Ndinatenga supuni kukhitchini n'kumupatsa Chanda. Anandiyang'ana mondidandaulira, koma anaona kuti njira ina palibe. Analuma la ku Libala, nkhope n'kukwinyika, n'kunena kuti likukukutika. Analuma la kwawo, nati ili likumata. Ndinawafunsa azakhali ngati nayenso ali ndi pakati. Azakhaliwo anakoka jumbo la ku Chelstone, kutsina, kulawa, n'kuyamba kutafuna. Kenako anati la ku Soweto limakoma kuposa ili.

Amene anayamba kuseka anali amayi ake a Chanda, atabisa nkhope m'manja. Ankangobwereza kuti, "Nanga chizungulile? Nanga nselu?" Amayi anga sanaseke. Anafunsa ngati chitenje chawo chatsopano ndi chimene ndinanjuta nacho m'matope.

Amayi ake anamutuma Chanda kukaitana bambo ake m'galimoto. Analowa mwaulemu, chipewa m'manja, okonzeka kunyozedwa. Akazi awo anawafotokozera m'Chibemba, mofulumira. Bambowo anamvetsera osaphethira, anayang'ana mwana wawo amene milomo inali yofiira ndi dothi, n'kutulutsa makiyi m'thumba kumuponyera. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Manje mayo, chija chipupa chizagwa?"

Ndinawauza kuti mpanda wawo wakhala pa dongo, ndipo mpopi wodonthawo ukulinyowetsa mbali imodzi. Akapanda kuukonza, mvula ikubwerayi mpandawo upendekeka. Anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati kuti nditsimikize bwino ndiyenera kukatapanso la kutsidya kwa geti. Amayi anandiyang'ana ndi diso limene linanditsekera pakamwa.

Nkhani inathera pomwepo, ngakhale amayi anandikhulupirira pakamwa pokha. Maso awo anakhala pamimba panga mpaka Khirisimasi, ndipo maneba a ku Kabwata ena mpaka lero amafunsa kuti mwana uja ndinamusiya kuti. Sukulu ndinamaliza, Chanda anandikwatira, mpopi unakonzedwa. Pano ndimalemba mapulani a maziko, ndipo ku ofesi kuli makina oyezera dothi okwanira.

Phunziro ndinalitenga ndithu. Sabata yatha ku phwando la ukwati ku Kabulonga, kuseri kwa tenti kunali dzenje lokumba kumene, dothi lake lofiira bwino. Ndisanalawe, ndinayamba ndayang'ana kumbuyo kawiri.