Guluu pa Raketi ya a Gondwe

Mpaka lero ndikamva fungo la guluu wa nsapato, manyazi amandigwira. Mkazi wanga sachedwa kuwafotokozera alendo chifukwa chake, choncho kuli bwino mumve kwa mwiniwakene.

Likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ofesi yathu inabwera ku City Centre, ine kalaliki wamng'ono ndili m'gulumo. Nyumba zinali zosakwana. Ndinkagona pabalaza kwa msuweni wanga ku Area 4, mkazi ndi khanda nditawasiya ku Zomba. Mndandanda wa oyembekezera nyumba za ku Area 15 unali m'manja mwa bwana wathu, a Gondwe, mkulu wa mpingo wa ku Rumphi, munthu wosaseka wamba. Chimene ankachikonda chinali badimintoni, masewera omenyerana kampira ka nthenga. Nditamva kuti akusowa wosewera naye, ndinadzipereka (ine amene ndinali ndisanagwirepo raketi chibadwire).

Lachisanu lililonse ankandiswa mu holo ina, ine n'kumathokoza. Chimodzi ndinachiona: kampira kakagwa pansi, a Gondwe ankawerama, raketi ili kumaso, zala zikuyendayenda pazingwe. Ndinkati akupemphera, ndiye nanenso ndinkazyolika mwaulemu.

Tsiku lina anandibwereka raketi yawo yapamtima, imene anabwera nayo kuchokera kumaphunziro kunja. "Mukayeserere kunyumba," anatero. "Mukusewera ngati mukupha udzudzu."

Loweruka ndinamenya kampira ndi msuweni kuseri kwa nyumba mpaka thukuta. Poyang'ana raketi, zingwe zapakati zinali zitapotoka, zina zitaunjikana, pali mpata woti chala n'kulowa. Ndinazikankha, zinabwerera. Nditamenyanso kawiri, zinasunthanso. Ndinati basi, ndamasula raketi ya bwana, nyumba ija yapita.

Ndinathamangira ku Old Town, kwa mkulu wina wosoka nsapato pafupi ndi msika. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Analuka izi ndi waulesi," anatero. "Pokumana zingwe sanamange mfundo ngakhale imodzi."

"Ndiye titani, madala?"

"Guluu, bambo. Amagwira chidendene, kuli bwanji tizingwe?"

Anatenga kamtengo ka machesi n'kudontheza guluu pamphambano iliyonse, mosathamanga. Tinaiyanika padzuwa. Zingwe zinaima njo, ndipo ndinabwerera ku Area 4 ndikuimba mluzu (msuweni anati raketiyo ikununkha, ndinamuuza kuti ndi nsanje).

Lachisanu ndinaibweza ndi manja awiri. Kampira katagwa koyamba, a Gondwe anawerama monga mwa masiku onse, nanenso ndinazyolika. Koma pempherolo linatalika. Nditasuzumira, ndinawaona akuinunkhiza raketi.

"Bambo inu, mwaitani raketi yanga?"

Ndinafotokoza zonse, monyadirako pang'ono. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anayankhula mwapang'onopang'ono.

"Zingwezi n'zolukana chabe, ngati lichero, china pamwamba china pansi. Mukamenya raketi itapendekeka, kampira kamazikokera m'mbali. Zikakhala zatsopano, zoterera, zimabwerera zokha. Zikakalamba zimatsalira komweko, ndiye mumaziwongola ndi zala. Nanga mumayesa ndimatani ndikawerama?"

"Ndimayesa mumapemphera, bwana."

Anaiyang'ananso raketi ija. Kenaka anaponya kampira m'mwamba n'kukamenya mwamphamvu kamodzi. Guluu uja anathetheka, zingwe ziwiri n'kuduka pomwepo. Wodziwa kuluka zina sanapezeke mu Lilongwe, choncho raketi inakwera basi ya ku Blantyre, n'kukakhalako miyezi iwiri.

Sanandikalipire. Anangoti munthu wokonza chinthu asanafunse ngati chawonongeka, nyumba ya boma ayambe wadikira, angakamate mipope. Mndandanda utatuluka, dzina langa linali litasuntha kuchoka pachitatu kufika kumunsi kwenikweni. Ndinkapita kukaliyang'ana Lolemba lililonse, mwina libwerera lokha, koma panalibe wolikankha ndi chala.

Makiyi ndinalandira patatha chaka. Mwana amene ndinamusiya ali kumsana anatsika basi akuyenda yekha, ndipo nditatambasula manja anakabisala kumbuyo kwa mayi ake. Zimenezo zinandipweteka kuposa manyazi a mu holo aja.

Chiyambire pamenepo, chinthu cha eni ndimayamba ndafunsa. Koma guluu wa m'nyumba muno amasunga ndi mkazi wanga, ndipo sandiuza pamene ali.