Tsiku Limene Ndinathyola Mafunde

Amene akuti ndimanama adzuke pakhonde pano, apite akafunse nyanja yamchere ngati dzina lakuti Felista inaliiwala. Inu achimwene, khalani pansi. Pasipoti ya Esinati ili m'thumba la jeketeyo, ndaiona, dzanja lanu silikuchokapo chibwerereni kutchalitchi. Mukuti mwana wa mng'ono wangayu asapite kukagwira ntchito kuhotela ya kuzilumba, poti ife ndife anthu a kumapiri, madzi satidziwa. Ndinu malume ake, mawu ndi anu. Koma mverani kaye ine mayi ake aakulu, amene ndinakafikako.

Ndinali nditathyola tiyi zaka zambiri pamene mkazi wa manejala anandichotsa m'munda kuti ndizilera khanda lake. Tchuthi chitakwana anati tipitire limodzi. Tinakwera ndege yaikulu, kenako ina yaing'ono yonjenjemera ngati minibasi ya ku Luchenza, kenako boti limene linayenda mpaka dziko lonse linatha, kunangotsala tizilumba tondondozana ngati mikanda yoduka ulusi, tina tating'ono moti nkhanu ikafuna kutembenuka inkayamba yapempha inzake kuti isendere. Mukumva?

Ulendo wonsewo abwana ndi anzawo ankatsata mafunde basi. Anachokera kumayiko akutali, aliyense ndi thabwa lake lalitali, kuti akaimirire pamwamba pa funde n'kutsetsereka nalo mpaka kumchenga. Ankagwa, kumwa madzi, kudzuka, kugwanso, akuseka ngati alandira bonasi.

Ine nditayang'ana sindinaone madzi. Ndinaona munda. Mafunde akubwera obiriwira, nsonga zoyera pamwamba, zina zazitali zina zazifupi, ngati tiyi amene wakhala milungu itatu osathyoledwa. Zala zinayamba kundiyabwa. Inu munali kapitawo, achimwene, mukudziwa kuti wothyola weniweni sangaone tiyi wosasalala pamwamba n'kungodutsa.

Ndinatenga thabwa la abwana, n'kuponda, n'kugwa. Ndinapondanso, ndinagwanso. Ndiye ndinazindikira vuto: msana unali wopanda kanthu. Ndinabwereka dengu kwa msodzi, ndinalimanga ndi chitenje, n'kutola nsungwi yoyezera kusalala kwa tiyi. Basi. Munthu amene anaima pazitunda zoyang'ana ku Nchilamwela, chiperoni chikuwaza, dothi lofiira likuterera, dengu lodzaza kumsana, kathabwa kangamugwetsenso?

Kunabwera funde lalitali moti phiri la Mulanje likanaima pambali pake likanaoneka ngati chulu, linandinyamula n'kundikweza mpaka ndinaona utsi wa fakitale yathu ino, ndinaonanso inu achimwene mutagona pansi pa bulugamu nthawi ya ntchito, chipewa kumaso, ndipo musakane chifukwa ndinakusungirani chinsinsi zaka zonsezi. Pamwamba pomwepo ndinagoneka nsungwi ija n'kuyamba kuthyola, manja onse awiri, monga timachitira masamba awiri ndi kansonga, thovu kuno thovu uko, kuponya kumsana osacheuka, mzere uwu ukatha kulumphira wina, thabwa likuthamanga kuposa lole yotsika ku Thyolo yopanda mabuleki. Chinsomba china cha mano ngati makasu chinatulukira kuti chindidye, koma chitaona liwiro la zala zanga chinachita manyazi, chinangotsata pambuyo n'kumandinyamulira nsungwi. Mukumva?

Pofika masana ndinali nditathyola kuyambira pachilumba choyamba mpaka chomaliza. Nyanja inasalala ngati tebulo la mu ofesi. Ndinatsika, ndinatula dengu, n'kumadikira wa sikelo.

Apo mpamene ndinaona kuti ndalakwitsa. Anthu aja anakhala pamchenga, mathabwa ali pamiyendo, akulira. Anawoloka dziko lonse kudzafuna mafunde, ine n'kuwathyolera onse. Masiku atatu nyanja inali zii. Tsiku lachinayi abwana anagwada, ine n'kuchita chifundo, ndinakhuthulira dengu lija m'madzi. Mafunde anabwerera, koma kuyambira pamenepo amabwera m'mizere yowongoka, lina pambuyo pa linzake. Aliyense wopitako akaona. Ndi ntchito ya manja awa.

Sekani, achimwene. Koma Esinati sakuseka. Akungoyang'ana mapazi angawa, monga amachitira chiyambire ali mwana, kuyang'ana munthu mpaka bodza kumuumira kukhosi. Chabwino, mwanangu.

Ndege ija ndi yoona. Boti, tizilumba, anthu a mathabwa aja, zonse n'zoona. Koma ndisananyamuke, malume athu anandiperekeza mpaka pa siteji, nati: “Felista, madzi a eni ake usakaponde.” Ndinamvera. Milungu iwiri ndinakhala pansi pa mtengo wa kokonati, khanda kumsana, nsapato kumapazi. Mayi wina wa komweko, wochapa zovala kuhotela, ankabwera tsiku lililonse, kundigwira dzanja n'kuloza m'mawondo mwake, kutanthauza kuti tingolekeza apa. Ine ndinkapukusa mutu. Tsiku lomaliza sanabwerenso.

Nditabwerera kuno, anzanga m'munda anandizungulira n'kufunsa ngati madziwo alidi ndi mchere. Ndinati eya, wambiri. Sindikudziwa, achimwene. Ndinaima pafupi ngati pano ndi pachitsekopo, koma sindinalawe. Malume aja anapita kalekale, ndipo sanadziwe n'komwe chimene anandilanda. Iwo ankati akundisunga. Mafunde amenewa ndakhala ndikuwathyola m'mutu zaka zonsezi, ndipo chaka chilichonse amatalikirako.

Ndiye tulutsani dzanja m'thumbamo. Ayi, osati lopanda kanthu. Eya, choncho. Musayang'ane kumbali, palibe amene wakugonjetsani.

Esinati, landira ndi manja awiri, uthokoze malume ako. Ukakafika, usanamasule n'chikwama chomwe, ukavule nsapato, ukalowe mpaka m'mawondo, ukaviike chala n'kunyambita. Ukatero undiimbire foni, undiuze ngati mcherewo ulimodi.