Mwano wa ba Mainess a ku Matero

Ku Matero konse kunalibe munthu wa pakamwa pakuthwa ngati ba Mainess. Mwano, kwa inu ana a lero, ndi mawu aja obaya, ovula munthu ulemu pagulu. Ena amautulutsa akaledzera, koma mayi amenewa ankadzuka nawo asanasukusule n'komwe. Ngakhale agalu ankati akawaona, ankakumbukira kuti ali ndi ulendo kwina.

Pamzere wa shuga, masiku aja shuga ankasowa, tcheyamani wa chipani analowerera kutsogolo. Ba Mainess anamuuza kuti mimba yake ikhoza kutsogola poti inafika kale, koma mwini wakeyo akaime kumbuyo. Anakaimadi.

Amene ankaulawa kwambiri mwanowo ndi ba Chilekwa, kalipentala wa nyumba yoyandikana nayo. Iwo anali Mbemba, ba Mainess Mngoni, ndiye panali chimbuya, chibale chija chololeza mitundu iwiriyi kunyozana popanda mlandu.

Akazi awo atamwalira, ba Chilekwa anasiya kudya. Tinkapita ndi mawu ofewa, a mpingo ndi nyimbo, koma mbale zinkabwerera zosakhudzidwa. Munthu anatsala mafupa, ife n'kuyamba kunong'onezana za maliro achiwiri.

Ba Mainess anakankha chitseko ndi phazi, futali ali m'manja.

"Iwe Mubemba, ufuna kufa? Bokosi azakupangira ndani? Ungapange wekha, lizakhala lopendama monga mipando yako. Idya, nyama yanu ya anyani inasila kumsika."

Ba Chilekwa, mawu ali pansipansi, anati sangadye za m'manja ogwira mbewa.

"Wayankha? Ndiye ukali moyo. Yasamula."

Anadya, supuni iliyonse ndi chitukwano chake. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka tinamvanso macheka akulira kuseri kwa nyumba.

Patapita zaka, ba Mainess ndiwo anatsogola. Mwambo unafuna kuti mbuya, mnzawo wa chimbuya uja, anyoze malemu pamanda. Ba Chilekwa, imvi zili mbuu, anaima ndi ndodo yawo.

"Wathawa, Mungoni wamantha iwe."

Kenaka anapendeketsa khutu n'kudikira. Tonse tinapezeka tikudikira nawo.

Masiku ano pampopi timapatsana moni waulemu, kutunga, aliyense kwawo. Ba Chilekwa amakhala pakhonde, malaya akuwakulira. Tikawafunsa ngati adya amati, "Inde, zikomo," ndipo palibe mwa ife wolimba pakamwa woti awauze kuti akunama.