Namondwe wa a Bizweki Nakoma

Malemu a Bizweki Nakoma ankadziwika kuyambira ku Likangala mpaka ku Chisi ndi chinthu chimodzi: mphepo ankayenda nayo kumsana. Anthu ena amadikira kuti mwera uombe, iwo ankangokoka chingwe.

Mphepoyo inachokera ku Joni. Mwana wawo Limbani, yemwe amasamala kapinga wa mabwana kumeneko, anawatumizira makina a petulo ouzira masamba, obereka kumsana ngati khanda, okhala ndi chipaipi chonga chitamba cha njovu. A Nakoma anawapatsa dzina loti Namondwe, ndipo tsiku lomwelo anamubereka kupita naye ku Kachulu kuti dziko limuone.

Pagombe anapeza mayi Hawa, oyandikana nawo nyumba, atayanika matemba pathandala, ntchentche zikuchita msonkhano pamwamba pake.

"Mayi Hawa, ndikuthamangitsireni alendowa?"

"Asiyeni, a Nakoma, sadya zambiri."

"Inu mungopenya."

Anakoka chingwe, Namondwe anabangula, ntchentche zinathawadi. Kungoti matemba ananyamuka nazo limodzi. Ena anakatera m'minibasi ya ku Zomba osalipira, ena anabwerera m'nyanja momwe anachokera, ali ouma kale. Amene analipo amalumbira kuti ena anakafika ku Chisi boti la injini lisanafike. A Nakoma anapulumukira miyendo. Anathamanga makina akulirabe kumsana, poti pozimitsira anali asanapadziwe, mayi Hawa ali pambuyo ndi nkhafi. Mkazi wawo, mayi Elenala, ndi amene anakapepesa ndi tambala.

Vuto la Namondwe linali loti kwathu kuno tsamba silichedwa pansi. Likagwa m'mawa, tsache lalipeza. Likaphonya tsache, mbuzi yalidya. Makina ouzira masamba anafika m'dziko lopanda masamba, ndipo mayi Elenala anaziona msanga.

"Bambo a Limbani, pakhomo pano chilichonse chili ndi ntchito. Mphaka amagwira makoswe, ngakhale inu nthawi zina mumalima. Chinthu chanuchi chikafika pokolola mpunga chisanagwire ntchito yooneka ndi maso, ndikachipereka kwa Che Amidu achiphwasule, akakonzere boti lawo."

Che Amidu, mnzawo wa a Nakoma wokonza injini za maboti ku Kachulu, atamva zimenezi anayamba kubwera kudzacheza pafupipafupi. Ankamuyang'ana Namondwe ngati mmene wogulitsa nyama amayang'anira mbuzi ya eni ake.

Apa a Nakoma anayamba kumufunira Namondwe ntchito. Paukwati wina anadzipereka kukoleza moto. Moto unayakadi, koma phulusa lonse linalowa m'chimphika cha nyemba, ndipo ankhoswe anadya akukukuta. Anapita naye kusikimu kukaingitsa mbalame mumpunga. Mbalame zinathawa tsiku loyamba, lachiwiri zinasuntha pang'ono, kenako zinayamba kumudikira pamzere kuti azizipepesa kutentha. Anayesa kuthamangitsa nkhuku pamphasa ya ufa. Za ufawo tisanene, koma nkhukuyo akuti inaikira dzira ili m'malere.

Koma kusamala kokha, ankamusamala. Loweruka lililonse ankayala thumba pakhonde, n'kumasula pulagi, kuipala mwaye, kuiuzira, kuiyang'anitsa padzuwa ngati dokotala wa mano. Kasiponji kosefa mpweya ankakachapa ndi sopo wosambira wa mayi Elenala, zomwenso zinali mlandu wina. Petulo ankasakaniza ndi oyilo m'botolo, n'kulikhutchumula akuimba nyimbo ya kwaya. Ankati Namondwe samwa petulo wosasakaniza, amafuna ndiwo.

Nthawi ina oyilo anasowa, iwo n'kuthiramo mafuta ophikira. Mudzi wonse unanunkhira mandasi, agalu anawalondola mpaka kutchalitchi, ndipo Namondwe anafuka utsi ngati uvuni wa njerwa.

"Achimwene, mukufuna kumupha ndisanamulandire?" anafunsa Che Amidu.

"Mafuta ndi mafuta, Che Amidu."

"Ndiye mawa akazi anu akazingire mazira ndi dizilo."

Kuyambira pamenepo matenda onse a anthu ankawayeza ngati a makina. Abusa akatsokomola paguwa, a Nakoma ankanong'oneza oyandikana nawo kuti, "Pulagi yada." Munthu akachedwa kudzuka, ankati sanamutsegulire choko cholizira injini. Mawu oti makina awonongeka ankawakana. Ankati makina safa, amangonyanyala.

Ndiye mpunga unacha, ntchito isanapezeke. Anamweta, anapuntha, mulu unakhala palona pabwalo kudikira kuulutsa mankhusu. Apa maganizo anawafikira a Nakoma: azimayi amadikira mphepo kuti apete mpunga, nanga iwo mphepo si ali nayo m'nyumba? Analengeza m'mudzi monse. Ndipo sabata yomweyo Namondwe ananyanyala.

Akakoka chingwe, ankangoti phu phu, n'kukhala chete. Anapala pulagi mpaka inawala ngati mphete yaukwati. Anachapa siponji. Anataya petulo wakale n'kuthira watsopano. Anamasula kabuleta, tizitsulo tina tinagwera mumchenga, anatisefa ndi sefa ya ufa. Anakoka chingwe mpaka phewa linatupa, anasinthira dzanja lamanzere, nalonso linatupa. Anamunyengerera, anamuopseza, anamukumbutsa za Che Amidu. Phu phu, chete.

Chimene a Nakoma sankadziwa, ndipo tonsefe tinkadziwa, n'choti mavu omanga ndi dothi aja anali atamanga nyumba m'kabowo kotulukira utsi. Mayi Elenala anawaona tsiku lomwe anayamba kututa dothi. Sananene. Ena amati ankawathirira ndi madzi pansi pa khonde kuti matope asawavute. Pachitsime ankangoti, "Mulungu ali ndi antchito ambiri."

Koma mphepo nayo inanyanyala. Mabango a m'mbali mwa nyanja anangoti njo, osagwedezeka. Azimayi akakweza lichero, mpunga ndi mankhusu zinkagwera pamodzi ngati pachibale. Kumwera mitambo ya chiperoni inayamba kusonkhana. Ndipo a Nakoma, munthu amene ankalankhula ngakhale akutsuka m'kamwa, anakhala pakhonde duu, Namondwe ali pamiyendo. Chakudya chinabwerera chosakhudzidwa.

"Mayi a Limbani," anatero motsitsa mawu, "kaitaneni Che Amidu. Mwawina."

Mayi Elenala anayang'ana chakudya chosakhudzidwacho. Kenako anazula kamtengo patsache.

"Inu amene mumayeza anthu matenda, munayamba mwaona munthu akupuma mphuno zili zotseka?"

Anatokosa kabowo kaja. Munatuluka dothi, tiakangaude touma, ndi mavu amodzi okwiya kwambiri amene anasankha khutu la a Nakoma.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa a Nakoma atagwira khutu.

"Kokani chingwe, musandifunse za m'banja la eni."

Namondwe anabangula mpaka agalu a ku Kachulu anayankha. Ulendo uno a Nakoma anali ataphunzira. Anaima patali, anachepetsa moto, analozetsa chitamba m'mbali. Mayi Elenala anakwera pamtondo wovundikira n'kuyamba kukhuthula lichero pang'onopang'ono. Mpunga unagwa pansi woyera, mankhusu anauluka ngati dzombe, kudumpha mpanda, n'kukatera pa zovala zimene mayi Hawa anali atangoyanika. Mayi Hawa anatulukira atanyamula mtima m'manja, anaona mulu wa mpunga woyerawo, anaona mitambo, n'kubwerera. Pobweranso anali atasenza thumba lawo.

"Mukamaliza apo, a Nakoma, mundipetere wanga. Za zovala tikambirana."

Tsiku limenelo Namondwe anazungulira mabwalo a anthu mpaka petulo anatha, ndipo chiperoni chinapeza mpunga uli m'matumba. A Nakoma anabwera kunyumba khutu lili ngati chitumbuwa, mutu uli mbuu ndi mankhusu, akuyenda ngati akuchokera kokalandira mendulo.

"Che Amidu, boti lanu mulipalase ndi manja," anatero podutsa.

Anapeta nyengo zingapo, ndipo palibe amene anadikiranso mwera. Chaka chatha, mpunga uli pafupi kucha, anayamba kudandaula chifuwa. Kuchipatala ku Zomba anawauza anamwino kuti asavutike, ndi siponji chabe yofunika kuchapa. Anamwino anaseka. A Nakoma sanabwerere ndi miyendo yawo.

Chaka chino tapeta ndi malichero ngati kale. Loweruka m'mawa khonde lija limakhala lopanda thumba, ndipo abusa akatsokomola paguwa, anthu amayang'ana pabenchi ya kumbuyo pomwe ankakhala a Nakoma, n'kuweramitsa mitu. Makinawo mayi Elenala anakana kuwapereka. Amawapukuta fumbi, koma anapempha Che Amidu kuti abwere adzawalize kamodzi kokha, angomvako. Che Amidu anayeza zonse, pulagi, petulo, siponji, napeza kuti palibe cholakwika. Anakoka chingwe mpaka thukuta linanyowetsa malaya. Namondwe sanayankhe.

Mayi Hawa, amene ankaonerera atatsamira mpanda, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Lekani kudzivutitsa, Che Amidu," anatero. "Mphepo inali mwa eni ake. Makinawa ankangowaperekeza."