Mbuzi ya Ukwati Wanga Ikukuthokozani, Bwana

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Mabasi ya Tafika Kale.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti munthu ngati ine ndikukulemberani. Dzina langa ndine Bushra Bwanali, wa kuno ku Lirangwe. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, ndipo pagulu sindiyankhula. Ngakhale kumsika pogulitsa zitumbuwa amandinena kuti ndimaitana makasitomala ndi maso. Koma zabwino zimene kampani yanu yandichitira zachuluka, ndalephera kuzisunga mumtima.

Nkhani yake ndi iyi. A Hakimu, amene anandifunsira mbeta, amagwira ntchito mushopu ku Joni. Pokonzekera kubwera ku nikahi yathu, ukwati wa Chisilamu, anagula tikiti ya basi pa tsamba lanu la pa intaneti. Makina analandira ndalama mwaulemu, kenako anatulutsa mawu ofiira achingerezi. A Hakimu anajambula mawuwo n'kunditumizira, ndipo a Dyton a shopu ya fotokope pano pa Lirangwe ananditanthauzira: akuti makina alephera kulumikizana ndi seva yotumiza makalata. Tikitiyo imabwera pa imelo. Imelo sinabwere. Kudepoti anawauza kuti wopanda tikiti sakwera, komanso ndalama sizibwezedwa chifukwa kompyuta ikuonetsa kuti munthuyo ali ndi mpando. Choncho mpando unabwera wokha ku Malawi, a Hakimu n'kutsala.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha maphunziro. Ku ofesi yanu ya ku Chileka ndapitako kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndimabwerako ndi nzeru yatsopano. Anati tiyang'ane mu sipamu, dzala la maimelo osafunika, tinayang'ana. Anati tizimitse foni n'kuyatsanso. A Hakimu anazimitsa yawo ku Joni, ine yanga kuno, mayi nawonso anazimitsa wailesi kuti athandizeko. Anati mwina adiresi ya a Hakimu ndiyo yadwala, a Dyton ananditsegulira yanga. Anati netiweki ya kumudzi ndi yofooka, ndinakwera pachulu cha kuseri kwa mzikiti, ine mkwatibwi wolangizidwa kale, a kabaza akuonerera. Pomaliza achemwali a pakauntala anandinong'oneza kuti amene ankadziwa pasiwedi ya sevayo anasiya ntchito, ndipo anapita nayo. Bwana, ngati mukudziwa mudzi wake, ndiuzeni. Amalume ali ndi njinga.

Chachiwiri, ndikuthokoza kuti simunatiiwale. Makalata anu otsatsa malonda, kaya amadzera njira iti, amafika bwinobwino pa maadiresi onse awiri. Dzana munafunsa ngati a Hakimu anasangalala ndi ulendo wawo, ndi kuti tikupatseni nyenyezi zingati. Ndawafunsa. Yankho lawo sindingalilembe, ndinaleredwa bwino.

Chachitatu ndi cha mbuzi. Amalume anagula tonde woti aphedwe paukwati. Chifukwa cha inu, tondeyo akadali moyo. Wadya mpiru wa mayi, wadya nandolo wa a Lucia oyandikana nafe mpaka asiya kutipatsa moni, wadyanso ngodya ya nsalu yanga ya ukwati ili pachingwe. Wanenepa moti khosi silikuoneka. Ana amupatsa dzina loti Seva, poti amangodya n'kugona pansi, ukamuitana sayankha. M'mudzi monse muno kasitomala wanu wokhutira ndi iyeyo, ndipo nyenyezi zisanu mukaziona, mudziwe kuti zachokera kukhola.

Chachinayi, mwanditchukitsa. Kale ndinkadutsa pachigayo popanda wondiona. Lero amagwedezana kuti mkwatibwi wa pa imelo uja wafika. A Shehe atisinthira tsiku la ukwati kangapo mosadandaula, koma ulendo wathawu anangondiyang'ana n'kupukusa mutu. Azakhali akuti mwamuna wofunadi mkazi amabwera ngakhale pamwamba pa lole ya simenti, ndipo ayamba kutchulatchula mkulu wina wa ku Mdeka amene ali ndi ngolo, ng'ombe ndi akazi awiri kale. Akuti iyeyo safuna tikiti.

Bwana, tchuthi cha a Hakimu chikutha mwezi uno. Akapanda kukwera basi sabata ino, abwana awo sawalolanso mpaka chaka chamawa, ndipo azakhali anga sadziwa kudikira chaka. Ine ngolo sindikuifuna.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikunena kuti muidzutse sevayo ayi, yagwira ntchito yaikulu, ipume. Ndikungopempha kuti mubwereke cholembera, mulembe nambala ya tikiti papepala, mupatse dalaivala wanu akapereke kwa a Hakimu padepoti, monga momwe timatumizira ufa ndi usipa. Zimenezo, ndaona, zimafika.

Ndipo poti mwatichitira zambiri, banja lagwirizana kuti mudzakhale mlendo wolemekezeka paukwatiwu. Chiwindi cha Seva tidzakusungirani. Tsiku ndi malo ndalemba m'kalata yokuitanani, imene a Dyton andithandiza kutumiza kudzera pa tsamba lanu lomwe lija, paja palembedwa kuti tilembereni. Ikakupezani, mubwere.

Ine wanu wodzichepetsa, wodikira pachulu,

Bushra Bwanali,
Lirangwe.