Aphunzitsi Oyenda ndi Dayisi

Aphunzitsi a masamu aja, amene tonse tinkawatcha aDayisi, sankasankha msewu. Akafika pamphambano ankatulutsa kadayisi m'thumba, n'kukaponya m'chipewa. Wani kutsogolo, thu kumanja, fili kumanzere, folo kubwerera. Zikagwa zina ankakhala pansi n'kupereka moni kwa odutsa.

"Pamalo afulati ngati tauni ino, woyenda mwachisawawa amafika ndithu kwawo," ankatero. "Masamu anatsimikiza."

"Amafika liti?" ankafunsa akazi awo, telala wa pafupi ndi positi.

"Tsikulo masamu sanena, amayi."

Kuwatuma buledi wa m'mawa kunali kuitanitsa wa madzulo.

Nkhani inavuta pa 9 Ogasiti 1986, tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Atelala anabisa dayisi m'kabati ya ulusi.

"Bambo a mwana, tchalitchi ndi icho, denga likuoneka. Lero lokha yendani ngati munthu."

Iwo anavomera, koma atangotsala okha anathothola batani la jekete kuti aziponya m'malo mwa dayisi. Kutchalitchi kwaya inaimba mpaka mawu kusasa, aDayisi osafika. Mkwatibwi misozi mbwembwembwe, akuchimuna akunong'onezana zonyamuka. Nawonso abusa achilendo odzadalitsa ukwatiwo sankaoneka. Atelala anaima pakhomo atafumbata sizasi m'chikwama.

Kenaka anangoona aDayisi akutulukira kuseri kwa chigayo, jekete pululu, atagwira abusa padzanja. Batani linawafikitsa kudepoti, komwe anapeza mkuluyo akuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu.

"Ndikanayenda ngati munthu, akanakwatitsa ndani?" anafuula. "Amayi, lankhulani!"

Atelala anatulutsa singano m'malo mwa sizasi, n'kuwasokerera batani pomwepo, anthu akuomba m'manja.

Patapita zaka, aDayisi atadwala, anapempha tsamba la kabichi lamakwinya.

"Pamalo opindikapindika chonchi, njira zimachulukana ukamapita kutali. Woyenda sabwerera. Kumene ndikupitaku n'kotere."

"Ponyaninso, mwina igwa folo," anatero atelala.

Wodwalayo anaseka mpaka kutsokomola. Anatisiya pa 3 Juni 1999.

Masiku ano aliyense m'tauni muno amadziwa kumene akupita, ndipo amafika nthawi yabwino. Koma mlendo akasochera, amazungulira yekha mpaka dzuwa kupendeka.